Mapilitsi a M'kalata

4 Malichi

Okondedwa amayi,

Ndisanayambe zanga ndifunse kaye za moyo wanu, makamaka bondo lija. Kodi likukulolani kufika kumsika, kapena mukungotuma anthu? Ine kuno ndili bwino, kungoti manja anga asanduka a munthu wina.

Ntchito ija ndinayamba. Ndi malo ochapa zovala za m'mahotela, ndipo ine andiika kositako. Tilipo asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi chachitali, aliyense ndi tebulo lake ndi simbi yake, yolemera ngati khanda. Timayamba sikisi koloko m'mawa. Nsalu za pabedi zimabwera pa ngolo zili zonyowa pang'ono, ukamamaliza ngolo imodzi n'kuti ina itaima kale kumbuyo kwako. Mawindo alipo awiri okha, nthunzi imachita kudontha kuchokera kudenga. Pofika masana msana umakhala si wako, phewa lakumanja likuyaka.

Apa ndiye ndikuthokozeni, amayi. Mapilitsi anu a bondo amene munandipatsa ponyamuka aja andisunga. Ndikamwa awiri ndi tiyi ndisanatuluke m'nyumba, ndimaima mpaka madzulo osadandaula. Anzanga akudabwa kuti kamtsikana katsopanoka kalimba bwanji. Akapitawo athu anatiuza kuti miyezi itatu yoyambayi ndi yotiyesa, wojomba ngakhale tsiku limodzi ndiye kuti wadzichotsa yekha. Mapilitsiwo atsala asanu. Ngati muli nawo apadera munditumizireko, koma musadzimane.

M'mawa sindidya kanthu, nthawi imachepa. Masiku ano m'mimba mwayamba kumandiotcha pang'ono cha pansi pa nthiti, koma ndikuganiza kuti ndi madzi a kuno, amanunkha mankhwala. Si nkhani yoti muziiganizira.

Chipinda ndapeza kuseri kwa bambo wina wosoka nsapato. Ndi chaching'ono, ndikatambasula manja ndimakhudza makoma onse awiri, koma sichidontha. Mayi aang'ono ndawaona kamodzi kokha, kwawo n'kokwera mabasi awiri.

Mundiyankhe msanga, ndakusowani.

Ndine,
Mzime wanu


15 Malichi

Mwana wanga Mzime,

Kalata yako ndinailandira Lachiwiri. Ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndi magalasi. Ine ndili bwino. Za bondo usafunse, ameneyu ndi mnzanga wakalekale, timadziwana makhalidwe.

Wati za m'mimbazo si nkhani yoti ndiziiganizira. Unayamba wamuona mayi wouzidwa kuti asaganize n'kusiyadi? Kuyambira Lachiwiri lomwelo ndakhala ndikuwerengera zimene zingakhale zikukuvuta. Ngati ndi madzi, uziwawiritsa, ulesi ndi umene umapha anthu. Mwinanso ndi njoka za m'mimba, ugule mankhwala ake umwe, sumakula n'kuzisiya. Ndiponso ndimakudziwa pa zokazinga za m'mbali mwa msewu. Mafuta amenewo amagona masiku mu chiwaya, uzisiye. Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri ndi nkhawa. Unali choncho kuyambira kusukulu, mayeso akayandikira m'mimba mumayamba kulira iwe usanatsegule n'komwe buku.

Mapilitsi ndaika makumi atatu. Kuchipatala amandipatsa a mwezi wathunthu m'kathumba kapepala, ndiye ndakugawira theka. Ndawachotsa m'kathumbamo chifukwa kamatukumula envelopu, wina m'njiramu angaiyese ili ndi kanthu n'kuitsegula. Ndawamata m'mizere ndi selotepi kuseri kwa tsamba lino. Uzimatula mosamala, ungang'ambe mawu a mayi ako. M'mimba mukapweteka umwenso limodzi, mankhwala a ululu sasankha malo.

Usati ndikudzimana. Ine ndimakhala pampando, iwe umaima tsiku lonse. Wofunika mankhwala ndani pamenepa?

Undiuze ngati kuwiritsa madziko kwathandiza. Ugwire ntchito molimbika, koma uzidya.

Ndine,
Mayi ako


30 Malichi

Okondedwa amayi,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino. Mapilitsi anafika onse, palibe ngakhale limodzi losweka. Ndinaseka ndekha nditaona mizere yanu yowongoka ngati ya mwana wa sukulu.

Zonse munanena zija ndachita. Madzi ndikuwiritsa, mankhwala a njoka ndinamwa, zokazinga sindikuziyang'ana n'komwe. Koma moto uja sukuzima, amayi, ukukulirakulira. Umayamba ndikakhala ndi njala. Ndikadya umatsika pang'ono, kenako ndimamva ngati ndameza mwala. Sabata ino ndasanza kawiri m'mawa ndisanafike pokwerera basi. Fungo la sopo wa kuntchito, limene poyamba sindinkalimva n'komwe, pano likumandichititsa nseru. Dzana ndikunyamula nsalu ndinachita chizungulire mpaka ndinagwira ngolo.

Akapitawo anandiona. Ndinayesa kuti basi, ntchito yatha, koma anangondibweretsera mpando n'kutuma munthu kukandigulira mkaka. Ndi bambo abwino mtima. Mkakawo umandithandiza kwa kanthawi, kenako zimayambiranso.

Pano ndikumwa atatu m'mawa ndi awiri masana, apo ayi sindingaime. Anu aja atatha ndinali nditasunga limodzi, ndinakalionetsa kusitolo ya mankhwala ndipo ali nawo ofanana, ndiye ndikugula komweko. Choncho musavutike kwambiri.

Ndikudziwa kuti munena za chipatala. Kuno mzere wake umadya tsiku lathunthu, ndipo Loweruka timagwira ntchito. Kwatsala masabata asanu ndi awiri okha kuti anditsimikize. Ndikangodutsa pamenepo ndipita, ndikulonjeza. Sindikufuna kubwerera kunyumba chimanjamanja anthu onse atamva kuti ndinapeza ntchito.

Kunena zoona ndikuchita mantha pang'ono. Mukuganiza kuti n'chiyani?

Ndine,
Mzime wanu


9 Epulo

Mzime,

Moni ndikukupatsa chifukwa kalata siyamba popanda moni. Mtima wanga suli pamalo.

Wandifunsa kuti ndikuganiza kuti n'chiyani. Ine ndinabereka ana anayi, zina sindichita kuuzidwa. Kusanza m'mawa, chizungulire, kudana ndi fungo la sopo. Pamwamba pa zimenezo akapitawo abwino mtima ogulira munthu mkaka. Kodi akapitawowo amagulira mkaka nonse asanu ndi mmodzi? Mipando ali nayo ingati yogawira anthu? Ndipo chipatala ukuchizemba chifukwa cha mzere, kapena chifukwa cha zimene akakuuze kumeneko?

Undiyankhe mosazungulira. Kodi uli ndi pathupi? Ngati zili choncho nena, ndimve kwa iwe, ndisadzamve kwa anthu otsika basi. Ndinakusiya upite kutali chifukwa ndinkati mwa ana anga onse iwe ndiwe wamutu. Miyezi iwiri yokha sinakwane bwinobwino.

Sindiwonjezera zina mpaka utandiyankha.

Mayi ako


3 Meyi

Mng'ono wanga,

Ndikudziwa kuti kalata yako ya chaka chatha sindinaiyankhe, koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Uli bwanji ndi ana kumeneko? Ine thupi lilipo, mtima ndiye uli m'mwamba.

Nkhani ndi ya mwana wako Mzime. Wakhala akudandaula m'mimba kuyambira Malichi, kusanza ndi chizungulire. Ine ndinamulembera kumufunsa ngati ali ndi pathupi. Mwina ndinafunsa ndi mawu olemera, umandidziwa ndikapsa mtima cholembera chimathamanga kuposa nzeru. Lero masabata atatu apitirira, palibe yankho. Mwana amene ankalemba ngakhale za mphaka wa eni nyumba, lero zii. Ndimapita kupositi Lachiwiri ndi Lachisanu, mpaka mayi wa pakauntala amangopukusa mutu ndisanafike pakhomo.

Ngati wakwiya, akwiye, bola ali moyo. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti m'kalata yake yomaliza anati akuchita mantha, ndipo ine za manthazo sindinayankhepo kanthu.

Chonde pita ukamuone. Amakhala kuseri kwa wosoka nsapato, pafupi ndi pomwe basi yachiwiri imathera. Ukapanda kumupeza, upite kochapa zovalako. Umuyang'ane bwinobwino, maso, milomo, kayendedwe, iwe zimenezi umazitha. Chilichonse chimene ukapeze undilembere tsiku lomwelo, usandikometsere. Ndikanabwera ndekha, koma bondoli latupa moti nsapato ya mwendo umenewo sindikuivala.

Ndine,
Mkulu wako


12 Meyi

Achemwali,

Khalani pansi kaye musanapitirize. Mwana ali moyo, ali m'chipatala, ndipo akupezako bwino. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikukudziwani. Ife kuno tili bwino.

Kalata yanu inandipeza Lachisanu, Loweruka ndinapempha kuweruka msanga ku ofesi kumene ndimakolopa kuja. Kunyumba kwake ndinapeza loko. Wosoka nsapato uja anati, "Wapita kuntchito, mayi, koma ine sindinakondwe nako kayendedwe kake. Amayenda akugwira khoma." Ndinathamangira komweko.

Achemwali, chipinda chimenecho ndi ng'anjo. Ndinamuona kumapeto, akusita, mutu uli pansi. Kenako anadzutsa nkhope. Milomo yoyera, m'maso moyera, siketi atamanga ndi chingwe kuti isagwe.

Anati, "Mayi aang'ono, akutumani kuti mudzaone ngati ndili ndi pathupi?"

Ndinati, "Andituma kuti ndidzaone ngati uli moyo. Ika simbiyo pansi."

"Kwatsala sabata imodzi yokha," anatero. "Ndikachoka pano lero, miyezi yonseyi ndavutikira chabe."

Asanamalize bwino mawuwo anangokhala pansi pa simenti, kenako n'kugona chammbali. Akapitawo ndi amene anapeza galimoto. Ndipo pa za akapitawowo, achemwali, munalakwa. Ndi nkhalamba ya imvi, ya zidzukulu, ndipo anzake a mwanayu akuti mkaka amagulira aliyense amene wadwala. Kuchipatala anamuyezanso, pathupi palibe. Mwanayu munamulasa pachabe.

M'galimoto ndi momwe anandiululira kuti kwa sabata yathunthu chimbudzi chake chinali chakuda bii ngati phula, ndipo kawiri anasanza zakuda. Sanauze munthu. Anati akanauza ndani, poti amene amawauza zonse anali atamuweruza kale. Adokotala akuti kudako anali magazi. Ali ndi chilonda m'chifu chimene chakhala chikutulutsa magazi pang'onopang'ono. Anachiona ndi kachubu kamene anamulowetsa kukhosi. Amuthira magazi kawiri, ndipo akuti tikanachedwa masiku ena ochepa bwenzi tikunena zina.

Akatuluka akhala kwa ine. Amupatsa mankhwala ochepetsa asidi m'mimba oti amwe masabata angapo, ndi ena owonjezera magazi. Amuyezanso ngati muli tizilombo tina timene timayambitsa zilonda, zotsatira sizinatuluke. Azidya pang'onopang'ono koma pafupipafupi, phala, nthochi, mpunga wofewa. Tsabola ayi, tiyi wowawa pamimba yopanda kanthu ayi. Akangoonanso zakuda kapena chizungulire, tithamange naye osadikira kuti kuche bwino.

Adokotala anamufunsa mafunso ambiri, zina adzakuuzani yekha akafuna. Ine ndingopempha chimodzi. Musamutumizirenso kanthu kalikonse komeza, ngakhale kakhale kabwino bwanji. Musandifunse chifukwa, mungochita zimene ndanenazi.

Inunso muzidya, ndikudziwa kuti mwasiya.

Ndine,
Mng'ono wanu


22 Meyi

Mwana wanga Mzime,

Kalata ino ndaitumiza kwa mayi ako aang'ono. Sindikudziwa ngati uifuna, koma ndikupempha kuti uiwerenge mpaka pamapeto. Wadzuka bwanji, mwana wanga? Ukutha kudya? Chizungulire chija chasiya?

Mayi ako aang'ono anati ndisafunse chifukwa. Kuyambira tili ana, akati usafunse ndiye kuti pali chimene wakwirira. Mawu amenewo ndinayenda nawo masiku anayi, mpaka Lolemba, tsiku langa la kuchipatala.

Namwino atagwira bondo langa anadabwa. Anati, "Mayi, mankhwala mumatenga mwezi uliwonse osaphonya, nanga bondoli likutupiranji chonchi? Mukumwa?" Ndinafuna kunama, koma pakamwa panakana. Ndinamuuza kuti theka ndimatumizira mwana wanga amene amasita zovala m'tauni, ndipo pano ali m'chipatala ndi chilonda cha m'mimba.

Anaika cholembera pansi. Anandifunsa kuti umamwa angati, ndinati asanu pa tsiku. Anafunsa ngati umamwa utadya, ndinati m'mawa sudya. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anangotenga kathumba kapepala katsopano n'kundionetsa zimene amalemba pamwamba pake mwezi ndi mwezi. Limodzi m'mawa, limodzi madzulo, mutadya. Anati mapilitsi amenewa amachotsadi ululu, koma amakanda chifu, makamaka munthu akamamwa ambiri wopanda chakudya, ndipo wodwala m'mimba sayenera kuwayandikira. Anati n'chifukwa chake amandifunsa nthawi zonse ngati m'mimba mwanga muli bwino. Ine ndinkayesa ndi moni chabe.

Kathumba kameneko ndi kamene ndinkachotsa kuti envelopu isatukumuke. Ndinkakataya m'moto. Ndipo ndine ndinalemba ndi dzanja langa kuti m'mimba mukapweteka umwenso limodzi. Pobwerera ndinakhala pa benchi ya pokwerera basi mpaka mabasi atatu anandidutsa.

Pali chinanso. Pa 8 Meyi, ndisanalandire kalata ya mayi ako aang'ono, ndinakulembera ku chipinda chako chija kupepesa za mawu anga oipa aja. Poti ndinkafuna kuti uone kuti mtima wanga wabwerera, ndinamatamo mapilitsi onse amene ndinali nawo, sindinasunge ngakhale limodzi. Kalatayo iyenera kuti ili kwa wosoka nsapato. Utume munthu akaitenge asanaipeze wina wodwala mutu. Mapilitsiwo muwataye m'chimbudzi.

Za pathupi zija ndilibe pobisala. Unandiuza kuti ukuchita mantha, ine ndinakuyankha ndi mlandu. Ukanakhala kuti sindinakutseke pakamwa, za chimbudzi chakudacho ukanandiuza tsiku loyamba. Ndikupepesa, mwana wanga.

Tsopano ndikufunse chimodzi, ndipo usanditeteze ngati mmene achitira mayi ako aang'ono. Adokotala ako anati chinakuvulaza n'chiyani? Ndi mapilitsi anga aja? Namwino anati sangaweruze munthu amene sanamuone. Ndikufuna ndimve kwa iwe.

Ndikanakonda kubwera, bondo silingandiletse. Chikundiletsa n'chakuti sindikudziwa ngati ukufuna kuona nkhope yanga. Ukati ndidikire, ndidikira.

Ndine,
Mayi ako


31 Meyi

Okondedwa amayi,

Kalata zanu zonse ziwiri zili pano pa bedi. Ya kwa wosoka nsapato anakaitenga mayi aang'ono. Mapilitsi tataya. Pomatula selotepi mawu ena anang'ambika, koma amene anatsala andikwanira.

Ndinatuluka m'chipatala sabata yatha. Ndikudya kasanu pa tsiku, mayi aang'ono amaima pambali panga ngati wapolisi mpaka mbale iyere. Ndikutha kuyenda kufika pageti osagwira khoma. Tizilombo tija sanatipeze.

Mwati ndisakutetezeni. Inde, amayi, adokotala anati ndi mapilitsi aja. Ndinapempha mayi aang'ono kuti asakuuzeni chifukwa ndinkadziwa kuti mudzisenzetsa zonse nokha. Koma kumbukirani kuti ndine ndinawapempha, ndine ndinkagula ena kusitolo, ndipo ndine ndinachoka pa awiri kufika pa asanu. Mwezi wonse wa Epulo ndinakukwiyirani, zimenezo sindibisa. Kalata ndinayamba zinayi, zonse ndinang'amba. Mkwiyo umenewo unandithera m'galimoto popita kuchipatala, chifukwa munthu amene ndinkamuitana m'menemo munali inu.

Za ntchito sindikudziwa. Akapitawo anabwera kudzandiona, akuti ayesa kundilankhulira, koma eni ake si iwo. Panopa sindikutha kuziganizira.

Pa 12 Juni akufuna andilowetsenso kachubu kaja kuti aone ngati chilonda chikupola. Akuti chikapanda kupola pali zina zoti ayeze, ndipo sanandiuze kuti zinazo ndi ziti. Mayi aang'ono tsiku limenelo sangajombe kuntchito, ajomba kale kokwanira chifukwa cha ine. Ndikuchita mantha, amayi, kuposa aja ndinakuuzani mu Malichi.

Bwerani. Mufike pa 11, tidzapite limodzi. Mukakwere basi ya m'mawa, ndipo mukapemphe mpando wakutsogolo kuseri kwa dalaivala, pali malo otambasulira mwendo.

Ndine,
Mzime wanu